Majekete Ochokera ku Joni

Carletonville, 9 Ogasiti 2004

Okondedwa Ababa, Amayi, ndi iwe mlongo wanga Graciete,

Ndikhulupirira nonse muli bwino uko ku Maxixe. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chanding'amba milomo.

Nkhani yoti Graciete akukwatiwa ndi Hermínio wa ku Linga-Linga pa 18 Disembala ndaimva ndipo ndakondwa, ngakhale mnyamatayo ndikumumvera chisoni poti sakudziwa pakamwa pamene wasankha. Tchuthi andimana mpaka Isitala, ndiye mudzandivinireko.

Tsopano mumvetsere. Anzanga ochokera kumudzi akuti boma layamba kuyendera ngalawa zonse zowolotsa anthu, ndipo yopanda majekete oyandamitsa munthu pamadzi akuilanda chiphaso pomwepo. Ababa, ndikukudziwani, munena kuti nyanja imakudziwani dzina. Kuno kumgodi andisankha kukhala woona za chitetezo m'gulu lathu, ndipo ndaphunzira kuti mwala ukamagwa sufunsa dzina la munthu.

Ndagula majekete khumi ndi awiri, abwera ndi a Bila a lole ija yonyamula katundu wa anthu a kumigodi. Ndi odula, muwasamale kwambiri, asade komanso asang'ambike. Ndipo tsiku la ukwati, Ababa mukamadzawolotsa Graciete pa ngalawa yathu Paciência monga mudalonjezera, ndikufuna aliyense adzavale lake, kuyambira mkwatibwi mpaka woimba ng'oma. Mudzajambulitse, chithunzi munditumizire.

Graciete, uwawerengere kalata yonse, osadumpha mawu monga umachitira.

Ine wanu,
Arlindo

Maxixe, 2 Sepitembala 2004

Achimwene,

Tonse tili bwino. Kalata ndawerenga yonse, ndi paja munanyoza pakamwa panga pomwe. Hermínio akuti akudziwa bwino lomwe chimene wasankha, inu muyambe mwapeza wanu.

Majekete afika, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaona. Amayi anawayala pamkeka, kuwagwiragwira, kuwanunkhiza, nkunena kuti chiyambire kubereka sanalandirepo mphatso yowala chonchi. Atamva mawu anu oti asade, anawabwezera m'mapepala ake nkuwatsekera m'bokosi lachitsulo lija muli mbale za alendo. Kiyi ali pakhosi pawo. Musade nkhawa, ngakhale ntchentche siingawakhudze.

Ababa anangoyang'ana ali chapatali. Akuti munthu wovala chinthu chotere pokwera ngalawa ndiye kuti wauza kale nyanja kuti akuyembekeza kugweramo, ndipo nyanja siikana mlendo. Akuti mwana wawo wakhalitsa pansi pa nthaka, nzeru zachita nkhungu.

Koma za kundiwolotsa ndiye sagona nazo. Paciência aipaka utoto watsopano, thanga alisoka pong'ambika ponse. Aliyense wokwera akumuuza kuti ngalawa iyi ndi imene inabweretsa mayi wa ana awo kuchokera ku Morrumbene, ndipo ndi yomweyi idzaperekeze mwana wawo wamkazi. A Guambe, aja anagula boti la injini nkuyamba kuyenda ngati doko ndi lawo, anati atibwereka lawolo kuti mkwatibwi asadzafike Lolemba. Ababa anawayankha kuti mwana wawo si thumba la simenti.

Inenso ndikufuna Paciência, achimwene. Ndinakulira pansi pa thanga limenelija, ndipo sindikufuna kukafika kwa eni ndikununkha dizilo.

Mukapeza kangachepe munditumizire ka nsapato. Zimene ndili nazo zikuseka kutsogolo.

Mlongo wanu,
Graciete

Maxixe, 21 Sepitembala 2004

Achimwene,

Simunayankhe, koma nkhani siidikira. Tili moyo.

Munanena zoona, woyendera ngalawa wabwera. Ndi bambo wina wamimba yake, a Macuácua, wa malaya oyera ndi nsapato zopukuta. Anafika madzi ataphwa, Paciência itaima kutali ndi gombe, ndiye Ababa anawabereka kumsana monga amachitira ndi wokwera aliyense. Bwanayo anali pamsana chikwama chili pamutu, miyendo ataikweza ngati nkhuku yopita kumsika, koma mafunso anayambira pomwepo.

"Chiphaso chili kuti, madala?"

"Chili kunyumba, bwana. Pakhoma, mufelemu yagalasi, pambali pa chithunzi cha Mtima Woyera."

"Chimayenera kukhala m'ngalawa."

"M'ngalawa? Kuti chinyowe?"

Atafika anasuzumira pansi pa mabenchi, nkufunsa za majekete. Ababa anatukula chifuwa nkunena kuti alipo khumi ndi awiri, a ku Joni enieni, osati zachabechabe zili kwa Guambe zija. Atafunsidwa kuti nanga ali kuti, anati ali m'bokosi, akudikira ukwati. A Macuácua anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anati abweranso kumapeto kwa Okutobala, ndipo akadzapeza majeketewo sali m'ngalawa, chiphaso chidzapita nawo.

Amayi atamva anakwiya. Akuti boma lili ndi nsanje, likufuna zovala zathu zide ukwati usanafike. Koma avomera kuti tsikulo adzawatulutsa, bwanayo akaona adzawabwezera.

Nsapato zija musaiwale.

Graciete

Carletonville, 25 Sepitembala 2004

Graciete,

Moni nonse. Kalata yako ya pa 2 ndailandira dzulo, ndipo ndaiwerenga ndili chiimire. M'bokosi? Pamodzi ndi mbale?

Uwauze Amayi kuti majeketewo si zovala. Ndi zida za ntchito ngati nangula. Atuluke m'bokosi lero lomwe akakhale m'ngalawa, ade, anunkhe nsomba, ndi ntchito yake imeneyo. Ndinati muwasamale kutanthauza kuti asawonongeke. Wina aliyense asawakhudze ndi singano, lumo kapena simbi. Ndikubwereza: singano ayi. Amayi ndikuwadziwa, sangaone nsalu nkuisiya mmene ilili.

Kalatayi ndapatsira a Bila, anyamuka mawa. Ndalama ya nsapato ili momwemu.

Arlindo

Maxixe, 17 Okutobala 2004

Arlindo mwana wanga,

Ndine mayi ako, akulemba ndi Graciete. Kodi uli bwino? Bwanji uli zii? Kapena wapeza mkazi wa ku Joni wakutseka manja?

Ndati ndikuthokoze chifukwa cha yunifolomu ya ukwati. Mtundu wasankha bwino, uli ngati papaya lakupsa. Koma mwananga, amuna simudziwa kugula zovala. Lamlungu ndinaitana amayi a kwaya amene adzaperekeze mlongo wako kuti ayese. Titavala tinangoyang'anana. Tonse tinali ngati maungu. Mai Filomena manja sanathenso kuwatsitsa, ndipo Graciete ankaoneka ngati ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu. Ukufuna akuchimuna adzanene chiyani?

Ndiye ndinasomola msoko umodzi kuti ndione chimene chikutupitsa. Mwananga, anakubera. Mkati monse anangodzazamo masiponji kuti chinthu chioneke chachikulu, nsalu yeniyeni ndi yochepa. Ndachotsa zonsezo, ndabweza m'chiuno, ndaika timaluwa ta chitenje cha kapulana m'khosi. La bambo ako ndaliika thumba la fodya. Tsopano ukaliona ungalire. Ngakhale telala wa ku Maputo sangafikepo.

Masiponjiwo sindinataye, ine sinditaya chinthu. Ndasokera makhushoni a pamabenchi a Paciência kuti mkwatibwi adzakhale pofewa. Bwana wa boma uja akadzabwera adzaona yekha kuti kuno kuli anthu audongo.

Uzidya mokwanira. Ndakusungira nkhanu zouma zothira m'matapa, chigwada chathu chija.

Mayi ako,
Celestina

(Ndine Graciete tsopano. Ndinawafunsa Amayi ngati masiponjiwo alibe ntchito, anandifunsa ngati ndinaonapo munthu atavala matiresi pa ukwati. Langa likundikhala bwino zedi, bodza ayi.)

Maxixe, 2 Novembala 2004

Achimwene,

Khalani pansi kaye.

Kalata yanu ya singano ija yafika dzulo. A Bila akuti lole inathyoka chitsulo ku Xai-Xai, anakhala kumeneko masabata angapo, ndipo kalatayo inali m'thumba la jekete lawo lovala limene anakapinyolitsa. Ikanafika nthawi yake, Amayi asanagwire singano, bwenzi ndikulemba zina. A Macuácua anabwera Lachisanu.

Amayi anadzuka m'mawa, kusita majekete onse, kuwayala pamabenchi a Paciência mwandondomeko, lililonse pa khushoni yake. Ababa anametetsa. Bwanayo anafikanso madzi ataphwa, Ababa nkuwabereka mpaka m'ngalawa. Chiphaso chinali chikadali kukhoma, koma Ababa anati tiyambe ndi zosangalatsa.

A Macuácua ananyamula jekete limodzi ndi zala ziwiri. Analitembenuza, kuyang'ana timaluwa, kupisa dzanja m'thumba la fodya. Anafunsa kuti ichi nchiyani. Amayi, amene anali atakwinya kapulana nkuyenda m'madzi kuti adzamve okha kuyamikiridwa, anati, "Musangoliyang'ana bwana, valani muone mmene likugwirira thupi." Bwanayo asanayankhe anali atavekedwa kale, zingwe atamangidwa.

"Mayi," anatero, "munthu atagwera m'madzi ndi ichi, chingamuthandize chiyani?"

"Pa Paciência sagwa munthu," anayankha Ababa.

Bwanayo anati zakwana, amubweze kumtunda akalembe zolemba zake. Anakwera pamsana jekete lili m'thupi, khushoni imodzi ataikwapatira kuti akaione bwino mkati. Madzi anali atayamba kubwerera. Mukudziwa dzenje lija limakumbika pamene boti la a Guambe limalizira injini? Ababa amalidziwa ngati khomo la nyumba yawo, koma tsikulo mutu unali pa mawu a bwanayo. Anapondamo.

Achimwene, boma linamira. Tinangoona chikwama, kenako thovu. Jekete la Amayi silinathandize ngakhale pang'ono, koma kunena zoona linkaoneka bwino pomira. Chimene chinayandama ndi khushoni. A Macuácua anavuuka ataikumbatira ngati mwana wawo, akulavula madzi, akuitana amayi awo. Ababa anawagwira pakhosi nkuwauza kuti aime, madziwo ndi a m'chifuwa. Doko lonse linali gada ndi kuseka. A Guambe anachita kugwira mtengo.

Ine ndinasekanso, sindikana. Ndinasiya titafika kunyumba.

Bwanayo sanakalipe. Anakhala pampando wathu akudontha, Amayi atamufunditsa kapulana, tiyi ali m'manja. Anati, "Madala, ine sindikusungirani mkwiyo chifukwa cha kusambaku. Koma chaka chatha ndinathandiza kuvuula anthu asanu ndi awiri kumpoto uko, atatu anali ana. Mwini ngalawayo nayenso ankati pa ngalawa yake sagwa munthu." Kenako bwanayo anaimirira, kutsitsa felemu, kutsegula kumbuyo, kutulutsa chiphaso nkuchiika m'chikwama chonyowa chomwecho. Paciência isanyamule munthu kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ikadzafuna chiphaso idzaonetse majekete enieni.

Felemu anaibwezera pamsomali yopanda kanthu. Ababa akhala akuiyang'ana kuyambira Lachisanu. Fodya sakusuta, ndipo dzulo asiya nsomba m'mbale. Mtima ukundipweteka, achimwene, ndipo ukwati watsala masabata asanu ndi limodzi.

Nsapato ndagula. Zikomo.

Graciete

Carletonville, 14 Novembala 2004

Graciete,

Makalata awiri afika limodzi, ya Amayi ndi yako. Ndinayamba ndi ya Amayi. Nditafika pa makhushoni ndinatuluka panja nkuzungulira hositelo kawiri. Mnzanga wa chipinda chimodzi anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro.

Ndinagwira ma ovataimu a miyezi iwiri kuti anthu akhale pofewa? Ndipo iwe, wopita kusukulu, unali pomwepo ukudziyang'ana pagalasi.

Basi, madzi akatayika saoleka. Amayi usawauze kuti ndakwiya, ungowauza kuti timaluwa ndamva kuti ntabwino. Za ukwati musavutike nazo mtima. Kalankhuleni ndi a Guambe, boti lawo lili ndi chiphaso, lili ndi majekete, ndiponso ndi lachangu. Boti ndi boti, chachikulu nkufika. Ine ndilipira.

Moni kwa Ababa. Uwauze kuti miyezi isanu ndi umodzi si zaka.

Arlindo

Maxixe, 28 Novembala 2004

Arlindo,

Ndine bambo ako. Ndalemba ndekha, uwerenge mofatsa, dzanja ili linazolowera chingwe.

Ndinapita ku ofesi ku Inhambane kukapempha kuti andibwereke chiphaso tsiku limodzi lokha, madzulo ndidzabweze. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anakana. Popita ndi pobwera ndinakwera boti la Guambe. Guambeyo anakana kuti ndilipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukanidwa kwa ku ofesi.

Amako anayesa kubwezera masiponji. Anali atawadula tizidutswa, ndiye pamene panaperewera anaikapo makoko a kokonati. Tinaveka thumba la chinangwa jekete limodzi nkuliponya pakuya kuti tione. Chinangwa chathu chili pansi pa nyanja panopa, chovala bwino.

Bwana uja sanalakwe. Wolakwa ndine, amako anangosoka.

Koma wati boti ndi boti. Mwananga, mawu amenewo usadzawanenenso. Mlongo wako anabadwa amako ali m'njira yopita kuchipatala, pa benchi lachiwiri la Paciência. Ndinamuuza ali wamng'ono kuti amene anakutulutsa m'madzi awa ndi amene adzakuwolotse. Tsopano ndikamuona akusita diresi lake ndimatuluka panja. Ndili ndi manyazi.

Guambe ndalankhula naye. Ndalama yako sunga.

Fabião Nhamussua

Linga-Linga, 22 Disembala 2004

Achimwene,

Moni wochokera kwa mayi wapabanja. Muzindilemekeza tsopano. Hermínio akupereka moni, akuti pakamwa paja mpaka pano akupirira.

Ndikuuzeni mmene zinayendera. Tinanyamuka pa boti la a Guambe. Iwo anavala suti ndi chipewa cha kaputeni chimene sindikudziwa anachitola kuti, ndipo hutala ankailiza ngakhale kwa mbalame. A Macuácua anali padoko kuonetsetsa kuti aliyense wavala jekete lenileni la m'botimo, ndiye tonse tinabwerera ku maungu aja. Amayi sanagonje, amayi a kwaya anavala a timaluwa mkati, a boma pamwamba, thukuta lili kamukamu. Makhushoni tinatenga, ndipo ndinakhaladi pofewa.

Ababa anavala jekete koyamba m'moyo wawo. Anamanga zingwe zonse, nkukakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi mbuzi. Tikudutsa Paciência pamene anaimangirira anayang'ana kumbali. Anthu ankaimba, ine nyimbo inkandikanika.

Ndiye mverani. A Guambe, pofuna kuonetsa liwiro, anatifikitsa msanga kwambiri, madzi asanabwerere. Ngalawa ya thanga ikanafika nthawi yabwino, koma ife tinafika nyanja itaphweratu. Boti linakhula mchenga nkuima kutali, anthu a kwa Hermínio akuoneka ngati nyerere kugombe, ng'oma ikumveka pang'onopang'ono. Pakati pathu ndi iwo panali madzi a m'chiuno ndi matope.

A Guambe anaitana anyamata awo kuti ayambe kubereka anthu, ndipo wina wamtali anabwera kudzandifulatira kuti ndikwere. Ndinangomva mawu kumbuyo.

"Choka apo."

Anali Ababa. Anali atavula nsapato, buluku la suti atalipinda mpaka m'ntchafu, jekete lili m'thupi. Anatsikira m'madzi nkundipatsa msana. A Guambe anati, "Akulu, mtundawu ndi wautali, asiyireni ana." Amayi anati akumbukire dzenje lija. Ababa anati, "Chimene analanda ndi cha ngalawa. Msana uwu sunalembedwe m'buku la boma. Kwera, Graciete."

Ndinakwera, diresi nditalikulunga m'manja, nsapato munandigulira zija zili pakhosi. Achimwene, Ababa akalamba. Anthu onse aja amawabereka tsiku ndi tsiku, koma ine ndinali ndisanakwere pamsana pawo chichokere ndili kamwana, ndipo sindinkadziwa kuti mapewa aja anatha chonchi. Ankaponda pang'onopang'ono, phazi lililonse kuyamba alifufuza. Mpweya unkamveka. Kumbuyo kwathu kwaya yonse inkabwera pamisana ya anyamata ikuimba, Mai Filomena atanyamulidwa ndi awiri.

Tili pakati ndinawafunsa ngati ndikulemera. Anati, "Unkalemera kale, pamene unkavina pamsana. Khala phee." Tinayendanso pang'ono, nkunena kuti, "Ndinati ndidzakuwolotsa." Ndinalira mpaka ufa wonse wa kumaso unathera pa jekete la a Guambe.

Sananditsitse m'madzi osaya ayi. Anapitirira mpaka pamchenga wouma, pamaso pa apongozi anga, nkunditula ngati dzira. Kenako anakhala pansi pomwepo, ndipo panapita nthawi asanathe kuimirira. Atapeza mpweya anapempha fodya.

Wojambula anali kugombe, ndiye chithunzi munkafuna chija chilipo, ndaika chimodzi m'kalata muno. Aliyense wavala jekete monga munalamulira, kuyambira mkwatibwi mpaka woimba ng'oma. Chinacho Amayi abwera nacho dzulo kudzandionetsa asanapite nacho kunyumba. Akuti alowetsa mufelemu ija, ndipo akuti mukamatumiza majekete ena muwauziretu ngati ndi ovala kapena ongoyang'ana.

Ndinawafunsa kuti nanga chiphaso chikadzabwera mu Meyi adzachiika pati. Akuti Ababa anena kale: chimenecho chizikakhala m'ngalawa, chinyowe. Pakhoma padzaza.

Mlongo wanu,
Graciete